Pyotr Lebedev, Munthu Amene Anayeza Kukankha kwa Kuwala

Anzanga a kuno ku Chimaliro, dzuwa lotiwotcha m'minda ya tiyi lija silingotentha ayi, limakankhanso. Pang'ono zedi, koma limakankha ndithu! Woyamba kuyeza zimenezi anali Pyotr Lebedev, wobadwira ku Moscow mu 1866.

Lebedev anaphunzira ku Strasbourg kwa August Kundt, katswiri amene ankaunjika fumbi m'chubu chagalasi ndi phokoso lokha. Atabwerera kwawo, mu 1899 anapachika timalata topepuka m'botolo lochotsedwa mpweya n'kutiunika ndi nyali yamphamvu. Timalatato tinasuntha popanda wotikhudza.

Mu 1911 boma litayamba kulowerera zochitika pa yunivesite ya Moscow, iye anatula pansi udindo limodzi ndi aphunzitsi anzake ambiri. Anasiya labu yake, kwinaku akudwala mtima. Anamwalira mu 1912 ali ndi zaka 46 zokha.

Koma ntchito yake sinafere pomwepo. Mu 1987 Arthur Ashkin anagwira mabakiteriya amoyo ndi kuwala kwa laser osawapha. Lero asayansi amakoka maselo a magazi okhala ndi tizilombo ta malungo m'njira yomweyo, kuti aone mmene aumira. Ndiye fizikisi ija musamaithawe, anzanga, malungo tonsefe timawadziwa.