Ed Heath: Munthu Amene Ankagulitsa Ndege Pang'onopang'ono

Mphunzitsi, mukamaphunzitsa ophunzira kulemba mbiri ya munthu, muziwathandiza kupeza funso limodzi loti mbiri yonse itsamirepo. Mu mbiri ili m'munsiyi funso ndi ili: kodi munthu wamalipiro ochepa angagule bwanji chinthu chodula ngati ndege?

Edward Bayard Heath anabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, m'chaka cha 1888. Ali mnyamata anayamba kupanga ndege zakezake, ndipo pambuyo pake anatsegula kampani ku Chicago yogulitsa zipangizo za ndege. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, zipangizo zotsala za asilikali zinatchipa, koma ndege yathunthu inali idakali ya anthu olemera okhaokha.

M'chaka cha 1926 Heath anatulutsa kandege ka munthu mmodzi kotchedwa Heath Parasol. Mapiko ake anali pamwamba pa woyendetsa ngati ambulera, ndipo injini yake inali ya njinga yamoto ya Henderson. Koma onani nzeru yake yaikulu: inali pa kalipiridwe. Ndege yomangamanga inkagulidwa pa madola 975. Wosowa ndalama zimenezo ankagula mapulani okha pa madola 5, kapena zipangizo zonse kupatula injini pa madola 199. Zipangizozo zinkagawidwa m'magulu. Munthu ankalipira gulu loyamba, n'kumanga, kenako n'kusonkhanitsa ndalama za gulu lotsatira.

Njirayi inali ndi vuto lake. Ndalama zikatha ntchito ili pakati, munthu ankatsala ndi mapiko m'shedi, osauluka komanso ovuta kugulitsa. Ngakhale zinali choncho, anthu mazana angapo anamaliza ndege zawo n'kuziulutsa pa nthawi imene chuma cha America chinagwa kuyambira mu 1929.

Heath anamwalira mu February 1931 pa ngozi, akuyesa ndege yatsopano pafupi ndi Chicago. Mu 1935 Howard Anthony anagula kampaniyo, ndipo kuyambira mu 1947 inatchuka ndi dzina la Heathkit, pogulitsa zipangizo zamagetsi zoti ogula azilumikiza okha.

Musaope kuti nkhaniyi ndi yakutali. Ngati mumaphunzitsa ku Kwekwe, Shurugwi kapena Zvishavane, kumene kuli mabanja a anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, ophunzira anu amaidziwa kale njira ya Heath. Aonapo makolo akumanga nyumba motere: mwezi uno njerwa, mwezi wamawa simenti, malata chaka chamawa. Aonaponso nyumba zimene zinaimira pawindo.

Ntchito 1: Auzeni ophunzira apeze ziganizo zonse zosonyeza nthawi, n'kuzindandalika kuyambira 1888 mpaka 1947.

Ntchito 2: Aliyense alembe ndime imodzi yofotokoza chinthu chimene banja lake linagula kapena kumanga pang'onopang'ono. Atchule chimene chinagulidwa poyamba, chifukwa chake, ndi chimene chikanatayika ndalama zikanathera panjira.