Joseph Thomson, mlendo amene adadutsa kwa Amaasai osakhetsa mwazi

Alendo amene amafika ku Likhubula m'boma la Mulanje ndi zikwama kumsana amafunsa za njira yokwerera phiri komanso za mnyamata woti awatsogolere. Zoti eni dera akuwaona bwanji, ambiri salabadira. Komatu pamene bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2025, chifukwa chachikulu chidali chakuti Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalitenga ngati mudzi wa mizimu ya makolo awo.

Ku Kenya ndi ku Tanzania nkhani ya alendo odzaona chikhalidwe ndi yakale. Kufupi ndi nkhalango za Maasai Mara ndi Amboseli, alendo amalipira pachipata kuti alowe m'mudzi wa Amaasai, aonere gule wa anyamata odumpha m'mwamba, agule mikanda ndi kujambula zithunzi. Mzungu amene adatchukitsa Amaasai ku Ulaya ndi Joseph Thomson, yemwenso adapondapo m'dziko muno.

Thomson adabadwa pa 14 February 1858 ku Penpont m'dziko la Scotland. Bambo ake adali mmisiri wosema miyala yomangira nyumba, ndipo mwanayo adagwirako ntchito pamgodi wa miyala wa bambo akewo asadapite ku yunivesite ya Edinburgh kukaphunzira za miyala ndi nthaka.

Mwayi udamugwera mu 1878 ali ndi zaka 20. Bungwe la Royal Geographical Society la ku London lidamutenga kuti aperekeze Keith Johnston paulendo wofufuza njira yochokera ku Dar es Salaam kufika kunyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika. Adanyamuka mu May 1879, koma mwezi wotsatira Johnston adamwalira ndi kamwazi pamalo otchedwa Behobeho. Mnyamata wa zaka 21 adatsala ndi amtengatenga pafupifupi 150 m'dziko limene sankalidziwa.

Apa mpamene nkhaniyi imakhudza kwathu kuno. Kapitawo wamkulu wa ulendowo adali James Chuma, Myao amene David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie adamulanditsa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861 m'dera la mapiri la kummwera kwa dziko lino, iye akadali mwana. Chuma yemweyu ndiye adathandizana ndi Susi kunyamula thupi la Livingstone kuchokera kwa Chitambo mpaka kugombe la Bagamoyo. Ankadziwa kulonjera mfumu, kupereka mphatso, kudikira yankho ngakhale masiku atatu, komanso kuzimitsa mkangano usadakule. Mabuku amatama Thomson kuti adali wofatsa, koma kunena chilungamo, sukulu ya kuyenda kwa eni adaiphunzira kwa Chuma.

Gululo lidafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi mu September 1879, n'kupitirira ku Tanganyika, ndipo lidabwerera kugombe mu 1880 litayenda makilomita pafupifupi 5,000 popanda nkhondo ndi mudzi uliwonse. Masiku amenewo izi zidali zodabwitsa, chifukwa anthu ngati Henry Morton Stanley ankatsegula njira ndi zipolopolo.

Mu 1881 Sultan Barghash wa ku Zanzibar adamutuma kukafufuza malasha kumtsinje wa Rovuma. Thomson adabwerako ndi uthenga woti kulibe malasha enieni, ndipo Sultan sadakondwe naye. Chaka chotsatira Chuma adamwalira ku Zanzibar, motero paulendo waukulu wa moyo wake Thomson adapita wopanda mphunzitsi wake.

Ulendowo udayamba mu March 1883 kuchokera ku Mombasa. Cholinga chidali kupeza njira yachidule yokafika kunyanja ya Victoria podutsa m'dziko la Amaasai. Kugombeko kunkamveka mbiri yoti Amaasai ndi anthu oopsa, ndipo mbiri ina ankaikokomeza ndi amalonda a minyanga amene sankafuna opikisana nawo. Zoona zake n'zakuti amalonda achiswahili ankadutsako, bola alipire msonkho wa njira wotchedwa hongo. Thomson adatenga amtengatenga pafupifupi 140 ndi mnzake James Martin, mmalinyero wa ku Malta, komanso mitolo ya waya wachitsulo, mikanda ndi nsalu.

Poyamba zidamukanika. Atangolowa m'dzikomo kufupi ndi phiri la Kilimanjaro, adamva kuti Mjeremani wina, Gustav Fischer, adali atadutsa kumene ndipo anthu ake adalimbana ndi eni dziko mpaka kukhetsa mwazi. Achinyamata ankhondo a Chimaasai, otchedwa moran, adali ndi mkwiyo. Thomson sadachite makani. Adathawa usiku kubwerera ku Taveta, n'kutsikiranso kugombe kukatenga katundu wina. Mu July adayambiranso, ulendo uno ataphatikana ndi gulu lalikulu la wamalonda wachiswahili Jumba Kimameta, yemwe ankadziwa chilankhulo ndi miyambo ya kumeneko.

Kwa eni kulibe mkuwe, amatero akuluakulu. Gulu lililonse la ankhondo linkafuna hongo yakeyake, ndipo Thomson ankapereka. Ankamukhudza tsitsi, kumuvula nsapato kuti aone zala zake, kumuseka, iye n'kumangomwetulira ngakhale mumtima mukuwira. Adaphunziranso kuti kwa Amaasai kulavulira munthu malovu ndi mdalitso, osati chipongwe ngati kwathu kuno, ndipo posakhalitsa nayenso ankalavulira anthu amene ankabwera kudzapempha mwayi.

Makina ojambulira zithunzi ndiwo adamuvutitsa. Akangowaimika, amayi ankabalalika kuthawa, ena n'kumaganiza kuti akuwalodza, ndipo kangapo konse adawapinda osajambula kanthu. Mpaka lero lamulo loyamba limene otsogolera alendo amapereka pachipata cha mudzi wa Amaasai ndi loti munthu apemphe kaye asadajambule. Lamulo lomweli likadathandiza pa Chonde, pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe, pomwe ena amangolozetsa foni pankhope ya agogo ovina tchopa ngati akujambula mtengo.

Koma kufatsa kwa Thomson kudali ndi mbali ina yosakoma. Mkuluyu adanama. Amaasai amalemekeza mlosi wawo wotchedwa laibon, ndipo Thomson adadzitcha laibon wachizungu. Ankathira mankhwala a m'mimba a Eno, omwewa timagula m'magolosalewa, m'kapu ya madzi, thovu likamatuluka iye n'kumati ndi mphamvu zake. Adalinso ndi mano awiri oikirira omwe ankawazula ndi kuwabwezera anthu akuona. Tsiku lina wankhondo wina adamugwira mphuno n'kuikoka, kufuna kuona ngati nayonso imachoka.

Ku Ulaya anthu adaseka nazo nkhanizi. Komabe pa nthawiyo ng'ombe za Amaasai a ku Laikipia zinkafa ndi mliri, ndipo kwa Mmaasai ng'ombe ndiye chakudya, chuma ndi ulemu. Anthu ankabwera kwa mlendoyo ali ndi chisoni chenicheni kudzapempha mankhwala opulumutsira ziweto zawo, iye n'kuwapatsa thovu la Eno. N'zoona kuti bodzalo lidapulumutsa moyo wake ndi wa amtengatenga ake. N'zoonanso kuti adasewera ndi chikhulupiriro cha anthu amene adali pamavuto.

Ali m'njira ankatcha zinthu mayina ngati kuti zidalibe eni. Mapiri ena adawatcha Aberdare polemekeza mtsogoleri wa bungwe limene lidamutuma, ndipo mathithi ena adawatcha Thomson's Falls. Adadutsa kunyanja za Naivasha ndi Baringo n'kufika kunyanja ya Victoria pa 10 December 1883. Pobwerera, tsiku lomaliza la chakacho, njati imene adaiwombera idamutunga pantchafu n'kumuponya m'mwamba. Kenako kamwazi adamugwira mpaka kutsala mafupa okhaokha. Amtengatenga omwe iye ankawanyoza poyamba kuti ndi osathandiza ndiwo adamunyamula pamachira mpaka adaonanso gombe mu May 1884.

Buku lake la Through Masai Land lidatuluka mu 1885 ndipo lidagulidwa ngati zitumbuwa. Adalandira mendulo yagolide ya bungwe lija, ndipo mtundu wina wa agwape a kumeneko mpaka lero umadziwika ndi dzina lake. Chithunzi cha Mmaasai wamtali, mkondo m'manja, chimene makampani okopa alendo amagulitsa lero, chidayambira kwambiri m'bukuli.

Chimene bukuli lidawabweretsera Amaasai ndi nkhani ina. Thomson adalemba za dziko lokongola, lozizira bwino, la msipu wambiri ndipo looneka ngati lopanda anthu, ndipo ku London ena adawerenga ndi maso a njala. Mliri wa ng'ombe ndi nthomba zidasakaza Amaasai kumayambiriro a zaka za m'ma 1890. Njanji yochokera ku Mombasa idafika kunyanja ya Victoria mu 1901. Mu 1904 atsamunda a ku Britain adasainitsa atsogoleri a Amaasai, kuphatikizapo laibon Olonana, pangano lowachotsa m'chigwa cha Rift Valley, powalonjeza kuti Laikipia ikhala yawo mpaka kalekale. Mu 1911 adawasainitsanso lina lowachotsa ku Laikipia komweko. Amaasai ena adakasuma kukhoti koma mlandu udawagwa mu 1913. Anthu a ku Mulanje ndi Thyolo, amene amalima timinda tating'ono m'mphepete mwa minda ya tiyi, safunika kuwamasulira nkhani yotereyi.

Thomson mwini wake sadathere pa kuona malo chabe. Mu 1885 adapita ku Nigeria kukasainitsa mafumu a Sokoto ndi Gwandu mapangano m'malo mwa kampani ya ku Britain. Mu 1888 adali kumapiri a Atlas ku Morocco. Ndipo mu 1890 Cecil Rhodes adamulemba ntchito mu kampani yake ya British South Africa Company kuti akapeze malo ndi migodi kumpoto kwa Zambezi.

Ulendo umenewu ndiwo udamubweretsa m'dziko muno. Adalowera ku Quelimane, ndipo Apwitikizi atazindikira mochedwa chimene adadzera, adaombera gulu lake likutuluka m'dera lawo. Malire ankalimbiranawo ndi a mtsinje wa Ruo, womwe umachokera m'phiri la Mulanje n'kukathira mu Shire pa Chiromo. Adafika ku Blantyre, n'kupita ku Nkhotakota, komwe adanyamukira kulowera kumadzulo cha kunyanja ya Bangweulu m'dziko lomwe lero ndi Zambia.

Kumeneko mlendo waulemu uja ankapereka nsalu kwa mafumu osadziwa kuwerenga, iwo n'kuika chizindikiro papepala lachingerezi. Mapepalawo adali m'gulu la zikalata zimene kampani ya Rhodes idatsamirapo ponena kuti miyala ya pansi pa nthaka ya dzikolo ndi yake, ndipo nkhaniyi idatha mu 1964 pamene Zambia inkalandira ufulu, kampaniyo italipidwa ndalama. Nthomba idagwa pakati pa amtengatenga ake ndipo ambiri adamwalira. Ku Katanga kwa mfumu Msiri, komwe Rhodes ankafunitsitsa, Thomson sadafikeko.

Adabwerera ku Blantyre mu 1891 ali wodwala kwambiri matenda a chikhodzodzo, ndipo thanzi lake silidabwererenso. Adamwalira ku London pa 2 August 1895 ali ndi zaka 37, asadakwatire, ndipo adaikidwa kwawo kufupi ndi tauni ya Thornhill, komwe kuli chipilala chomukumbukira.

Kenya italandira ufulu, tauni imene atsamunda ankaitcha Thomson's Falls idasinthidwa dzina kukhala Nyahururu. Mathithiwo okha ndiwo adatsala ndi dzina la mlendoyo.