Doolittle: anaulutsa ndege osaona kunja

Pa 24 Sepitembala 1929 kunacha ndi nkhungu pa bwalo la ndege la Mitchel Field, kufupi ndi mzinda wa New York. M'mawa umenewo Jimmy Doolittle analowa m'kandege ka mipando iwiri, anzake n'kumuvindikira ndi chinsalu chokhuthala kuti asaone kumwamba kapena pansi.

Kumpando wakutsogolo kunakhala Benjamin Kelsey, woti apulumutse ndegeyo zinthu zikavuta. Sanafunike. Doolittle ananyamuka, n'kuuluka kwa mphindi pafupifupi 15, n'kutera bwinobwino.

Mwina mungati n'chiyani chodabwitsa pamenepo. Nkhani ndi yakuti munthu akalowa mumtambo, thupi lake limamunamiza. Timadzi ta m'kati mwa khutu, tomwe timatithandiza kuti tisagwe poyenda, sitimva kanthu ndege ikamakhota pang'onopang'ono. Woyendetsa amakhulupirira kuti akuwongoka pomwe phiko lina lapendekera pansi. Akaona kuti akutsika amakoka chiwongolero, koma m'malo mokwera ndege imangozungulira mothina mpaka kukamenya nthaka. Ambiri onyamula makalata pandege anafa choncho, ena a iwo akatswiri enieni.

Doolittle sanadalire thupi lake. Maso ake anali pa zida zatsopano: cha kampani ya Sperry choonetsa ngati mapiko apendekeka, china chosonyeza kolowera, ndi cha Paul Kollsman choyeza kutalika kuchokera pansi. Wailesi ndiyo inkamulondolera ku bwalo.

Mkuluyu anabadwa mu 1896 ku Alameda, m'chigawo cha California, koma anakulira ku Nome, dera lozizira koopsa la ku Alaska. Anali wamfupi, ndipo anzake ankamuputa mpaka anaphunzira nkhonya. Koma sanali wa zibakera zokha. Mu 1922 anadutsa dziko la America ndi ndege pasanathe maola 24, ndipo mu 1925 analandira digiri ya udokotala pa za ndege ku sukulu ya ukachenjede ya MIT.

Dziko limamukumbukira kwambiri chifukwa chotsogolera ndege 16 zomwe zinakaponya mabomba ku Japan mu Epulo 1942. Komatu ntchito ya mu 1929 ija ndiyo imakhudza aliyense wokwera ndege nyengo ya mvula.

Ku America, wophunzira ndege wofuna chilolezo cha private pilot, ngakhale akungofuna kusangalala Loweruka, amayenera kuuluka maola atatu akuyang'ana zida zokha. Zimenezi sizimpatsa chilolezo cholowa m'mitambo. Chilolezocho chimafuna maola 40 otero komanso mayeso apadera. John F. Kennedy Jr, mwana wa mtsogoleri wakale wa dzikolo, anali asanachipeze pomwe anasokonezeka mu mdima n'kugwera m'nyanja mu Julaye 1999, pamodzi ndi mkazi wake ndi mlamu wake.

Doolittle, yemwe kangapo konse anadumpha ndi parachuti kuthawa ndege yomwe inkagwa, anamwalira mu Sepitembala 1993 ali ndi zaka 96. Anamuika ku manda a asilikali a Arlington, pambali pa mkazi wake Josephine.