MBUSA JOHN CHILEMBWE NDI MASUKULU A KU MBOMBWE

M'lipoti la caka cino taika mbiri ya Mbusa John Chilembwe, mmodzi wa akuruakuru amene anatsegula njira ya maphunziro m'boma lino la Chiradzulu. Dzina lace lidziwika kwa mwana ali yense, pakuti nkhope yace inaikidwa pa ndalama za dziko lino, ndipo pa 15 January caka ndi caka anthu apuma nchito pomkumbukira. Koma ambiri akamva dzinali aganiza za nkhondo ya 1915 yokha, imene siinakwane ndi sabata ziwiri zomwe, naiwala zaka 15 zimene iye anakhala ku Mbombwe alikuphunzitsa ana. Cifukwa cace pano tinena makamaka za masukulu ace: umo anayambira, zimene zinaphunzitsidwamo, cimene anatenthedwera, ndi umo anaukiranso.

Ubwana wace

Azungu oyamba kuphunzitsa ana m'dera lino anali a Mishoni ya U.M.C.A., amene anafika ku Magomero m'caka ca 1861 motsogozedwa ndi Bishop Charles Mackenzie, nasonkhanitsa akapolo omasulidwa. Nchitoyo siinakhalitse. Nkhondo, njala ndi malungo zinawalaka, Bishopyo anamwalira mu January 1862, ndipo otsalawo anatsikira ku Shire. Kucokera pamenepo dera lino linakhala lopanda sukulu kufikira a Church of Scotland atamanga Mishoni ya Blantyre m'caka ca 1876.

Chilembwe anabadwa ku Sangano ca m'ma 1871, masiku amene malonda a akapolo anali asanathe. Atate wace anali Myao ndipo amai wace anali Mmang'anja. Anayamba kuphunzira kuwerenga kwa a Mishoni ya Blantyre, ndipo m'caka ca 1892 analowa nchito m'nyumba ya Joseph Booth, Mngerezi amene anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Anali wophika, womasulira ndi wolera Emily, mwana wamkazi wa bwana waceyo, ndipo anabatizidwa pa 17 July 1893. Booth anali munthu wosiyana ndi Azungu anzace: anakhulupirira kuti mishoni iyenera kudzidyetsa yokha ndi munda ndi nchito za manja, ndiponso kuti munthu wakuda ali wokhoza kuyendetsa zinthu zace mwini yekha. Ziphunzitso ziwirizi Chilembwe anazisunga moyo wace wonse.

Ku Amereka

M'caka ca 1897 Booth anamtenga kunka naye ku Amereka. Kumeneko anasiyana mwamtendere, ndipo anthu akuda a mpingo wa National Baptist Convention anamlandira namtumiza ku Virginia Theological Seminary and College, mumzinda wa Lynchburg. Imeneyi inali sukulu ya anthu akuda, yoyendetsedwa ndi anthu akuda, ana a iwo amene anali akapolo zaka makumi atatu zapitazo. Anaona tsankho loopsa la dzikolo, koma anaonanso abusa, aphunzitsi ndi eni masitolo a khungu longa lace, obvala bwino ndi osunga mabuku a cuma cao. Atadzozedwa ubusa anabwera kwao m'caka ca 1900.

Kuyamba kwa masukulu

Ndi cithandizo ca mpingo umene unamphunzitsa anagula malo a maekala 93 ku Mbombwe, nakhazikitsa Providence Industrial Mission, imene tonse tiichula P.I.M. Poyamba panali nyumba za udzu ndi ana owerengeka. M'caka ca 1901 kunafika Mbusa Landon N. Cheek, ndipo m'caka ca 1902 kunafika Mai Emma B. DeLany, wophunzira wa ku Spelman. Onse awiri anali anthu akuda a ku Amereka. Iwowa anathandiza kuumba njerwa, kulongosola makalasi ndi kuyamba munda wa mishoni.

Ana anaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu, Mau a Mulungu ndi Cingerezi. Pamwamba pa izi anyamata anagwira nchito m'munda, momwe anayesa kulima thonje ndi khofi. Atsikana ndi amai anaphunzira kusoka ndi kusamala nyumba, poyamba kwa Mai DeLany ndipo pambuyo pace kwa Mai Ida, mkazi wa Mbusa Chilembwe. Mbusayo analimbikira kwambiri za ukhondo, kubvala bwino ndi kuleka mowa. Ena angayese zimenezi kutsanzira Azungu cabe, koma iye anadziwa kuti munthu wobvala nsanza saloledwa kuima pakhomo pa ofesi ndi kunena mlandu wace. Anaumiriranso kuti atsikana aphunzire, poona kuti mtundu sungakwere pamene amai ace atsalira m'mbuyo.

Pofika caka ca 1906 Cheek ndi DeLany anali atabwerera kwao, ndipo katundu yense anatsalira Chilembwe ndi aphunzitsi amene iye mwini anawaphunzitsa. Tiyenera kukumbukira kuti nthawi imeneyo Boma linalibe ndi sukulu imodzi yomwe. Kuyambira 1907 linkapereka £1,000 pa caka yakuti mamishoni a m'dziko lonse agawane, ndipo Dipatimenti ya Maphunziro siinakhazikitsidwe kufikira 1926. Cotero sukulu ya munthu wakuda inadalira zopereka za Akristu osauka, zokolola za m'munda ndi ndalama zocepa zocokera ku Amereka, zimene kawirikawiri zinafika mocedwa. Ngakhale zinali conco, pofika 1912 P.I.M. inali ndi masukulu 7 m'midzi yozungulira ndi ana oyandikira 1,000, osawerenga akuru amene anadza kudzaphunzira atatha nchito zao. M'caka ca 1909 Chilembwe pamodzi ndi amalonda acikuda anayambitsa Natives' Industrial Union kuti azithandizana pa zamalonda, ndipo m'caka ca 1913 chalichi cacikuru ca njerwa cinatha kumangidwa ku Mbombwe ndi manja a anthu a komweko.

Cimene masukulu anatenthedwera

Kumpoto kwa Mbombwe kunali esiteti yaikuru ya A. L. Bruce, likuru lace ku Magomero, pamalo pomwe paja anaphunzirapo ana oyamba m'caka ca 1861. Eni ace anali a banja la mkamwini wa Dr. David Livingstone, ndipo woyang'anira anali William Jervis Livingstone. Anthu ambiri okhala pa esiteti imeneyi anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi, amene analibe mfumu yowanenera ngakhale malo ena opitako. Lamulo la thangata linali lakuti munthu agwire mwezi umodzi wa lendi ya malo ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Koma mwezi unawerengedwa ndi masiku olembedwa pa tikiti, ndipo kapitao akakana kulemba tsiku cifukwa cakuti ndime siinathe, tsikulo linatayika. Motero miyezi iwiri inkasanduka inai kapena isanu, makamaka nyengo ya dzinja pamene munthu afunika m'munda mwace.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yonse. Munthu wosadziwa kuwerenga sangatsutse tikiti. Koma amene wakhala m'kalasi miyezi ingapo akhoza kuwerenga masiku ace, kuona pamene amdyera, ndi kulemba kalata kwa Bwana wa Boma. Eni esiteti anazindikira ici bwino lomwe, ndipo analetsa sukulu ndi chalichi ciri conse pamalo pao. Alomwe amene analowa mpingo wa P.I.M. anamangabe tinyumba ta udzu topemphereramo, tomwe tinalinso makalasi pakati pa sabata, ndipo Livingstone anatumiza anthu ace kukatitentha, makamaka m'caka ca 1913. Chilembwe anadandaula kwa akuru a Boma, koma lamulo linali kumbali ya mwini malo.

Mabvuto ena anaunjikana pa zaka zomwezo. Msonkho wa nyumba unakwezedwa m'caka ca 1912, ndipo njala yaikuru inagwa m'zaka za 1912 ndi 1913, kotero kuti makolo analephera kupereka kanthu ku sukulu. Mbusayo anagwa m'ngongole, mphumu inamsautsa, ndi maso ace anayamba kufooka. Nkhondo ya Jeremani itabuka mu August 1914, asilikari acikuda anafa ku Karonga mu September, ndipo anthu anayamba kugwidwa kuti akasenze katundu wa nkhondo. Mu November Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kalata yofunsa cimene anthu osauka, opanda mau m'dziko lao, akafere pa mkangano wa eni cuma. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe.

Masiku a nkhondo

Usiku wa Loweruka, pa 23 January 1915, anthu ace anauka. Ku Magomero anapha Livingstone ndi Duncan MacCormick, ndipo ku Mwanje anapha Robert Ferguson. Akazi ndi ana a Azungu sanapwetekedwe, monga iye analamulira. Gulu lina linathyola nyumba ya mfuti ya Mandala ku Blantyre koma linapeza mfuti zocepa. M'mawa mwace mutu wa Livingstone unaonetsedwa pa mapemphero ku Mbombwe. Pa 26 January Mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi inatenthedwa ndipo wansembe mmodzi anabvulazidwa kwambiri. Sitibisa zimenezi, pakuti mbiri yoona siisankha zokoma zokha: mishoni imene inatenthedwayo nayonso inkaphunzitsa ana a dera lino.

Mafumu ambiri sanalowe nao, ndipo asilikari a Boma analanda Mbombwe. Chilembwe anaomberedwa ndi apolisi pa 3 February 1915 alikuthawira ku malire a dziko la Apwitikizi, kufupi ndi Mulanje. Anthu ngati 40 anaphedwa ataweruzidwa, pakati pao John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, ndipo ngati 300 anaikidwa m'ndende. Chalichi ca njerwa cija cinaphulitsidwa, masukulu onse anatsekedwa, ndipo aphunzitsi amene anapulumuka anabalalika. Komishoni imene Boma linaika kufufuza nkhaniyi inabvomereza m'lipoti lace la 1916 kuti anthu a pa esiteti ya Bruce anazunzidwa, komabe inacenjeza Boma za mipingo ndi masukulu oyendetsedwa ndi anthu akuda popanda Mzungu wowayang'anira. Mai Ida anamwalira ndi cimfine cacikuru ca 1918. Zaka 11 ku Mbombwe kunali thengo.

Kuukanso kwa P.I.M.

Mwa ana oyamba a sukuluyo munali mnyamata dzina lace Daniel Sharpe Malekebu, amene Mai DeLany anamlera ndi kumphunzitsa. Maiyo atabwerera, iye anawatsata, nayenda ulendo wautali kufikira ku doko la Beira, nakafika ku Amereka. Kumeneko anaphunzira zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1917 anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, woyamba mwa ana a dziko lino kufika pamenepo. Pamene anabwera m'caka ca 1921 pamodzi ndi mkazi wace, Mai Flora Zeto, Boma linamkaniza kukhala, ndipo anakagwira nchito ku Liberia. M'caka ca 1926 analoledwa, natsegulanso P.I.M. pamabwinja pomwepo. Anamanga chalichi catsopano, sukulu ndi cipatala, ndipo m'caka ca 1929 anatsogolera poyambitsa Chiradzulu District Native Association, kuti madandaulo a anthu azifika ku Boma mwa kalata ndi misonkhano. Anamwalira m'caka ca 1978.

Tikayang'ana bwino tiona kuti mfuti zocepa za ku Mandala sizinathe sabata ziwiri, ndi chalichi ca njerwa cinagwa tsiku limodzi, koma cimene cinaikidwa m'mutu mwa mwana mmodzi asilikari sanathe kuciphulitsa. Dziko lino linadikira kufikira 1940 kuti liwone sukulu yace yoyamba ya sekondale ku Blantyre, pamene sukulu ya udzu ya ku Mbombwe inali itabala kale dokotala zaka 23 m'mbuyomo.

Mau otsiriza

Abale ndi alongo a m'Bungwe, ambiri a ife tidya lero cifukwa ca colembera, ndipo ena mwa agogo athu anaona cilembo coyamba m'tinyumba ta udzu tija. Anthu amene anatimanga anali a thangata, opanda malo ao ao, odziwa kuti mawa kapitao akhoza kubwera ndi moto. Komabe anasenza mitengo ndi udzu. Ife palibe wotiletsa. Cotero pamene tiona m'midzi mwathu kalasi lopanda denga, nyumba ya mphunzitsi yodontha, kapena mtsikana wosiya sukulu cifukwa cosowa makope ndi cobvala, tisadikire kuti cithandizo cicokere kutali. Amene ali ndi agogo odziwa kumene kunali masukulu akale a m'midzi yathu, ndi maina a aphunzitsi amene anaphunzitsamo, alembe zimenezo nazipereke kwa Mlembi wa Bungwe, kuti zisungidwe eni kuzidziwa asanathe.