Alfred Binet ndi Muyeso wa Nzeru za Ana

Alfred Binet anabadwira mu mzinda wa Nice, ku France, m'chaka cha 1857. Poyamba anaphunzira za malamulo, koma mtima wake sunakhazikike kumeneko. Anatembenukira ku maphunziro a maganizo a munthu, ndipo zambiri anadziphunzitsa yekha powerenga mabuku ku Paris.

M'chaka cha 1904 boma la France linakhazikitsa bungwe loona za ana amene ankalephera kutsata maphunziro m'kalasi. Nkhaniyi sinali yamasewera, pakuti mwana woyesedwa woperewera nzeru akanapatulidwa kwa anzake. Tsono mu 1905 Binet ndi dokotala Théodore Simon anakonza mafunso ndi tintchito 30, kuyambira zophweka kufikira zovuta: kutchula zinthu za pa chithunzi, kubwereza manambala, kusiyanitsa kulemera kwa timabokosi. Mu 1908 anazisanja motsata zaka za mwana.

Sikelo yolungama siyang'ana nkhope. Kilogalamu ya nyemba ndi ya mchere n'chimodzimodzi. Kodi muyeso wa nzeru nawonso unali wotero? Ku Brussels, Ovide Decroly ndi Julia Degand anayesa nawo ana a mabanja opeza bwino, ndipo anawo anaoneka ngati atsogola ndi chaka choposa chimodzi pa ana a amphawi a ku Paris amene Binet anayesa. Wina akanathamangira kunena kuti olemera amabadwa anzeru. Binet sanatero. Anaona kuti mafunso ambiri ankadalira mawu amene mwana amamva pakhomo, kotero funso limodzi lomwelo linkayesa nzeru mwa mwana wina, pamene mwa mnzake linkangoyesa kuzolowera chilankhulo cha kusukulu. Anakananso zoti nzeru ndi chinthu chosasinthika, ndipo apa aphunzitsi ayenera kumuyamika.

Anamwalira ku Paris mu 1911, ali ndi zaka 54 zokha. Muyeso wake unali utaoloka kale nyanja. Mu 1913 gulu la Henry Goddard linauyesa pa alendo ofika ku Ellis Island, ku America, anthu otopa ndi ulendo, ambiri osapitako kusukulu, oyankha kudzera mwa omasulira. Ochuluka mwa oyesedwawo analembedwa kuti ndi operewera nzeru. Masiku ano ofufuza za ulumali wa nzeru amalangizidwa kuyamba atsimikiza kuti funso lililonse likuyesa chinthu chimodzi m'magulu onse, asanayerekeze zotsatira za gulu lina ndi linzake.