Mayi Josina Machel, msilikali amene manda ake sanatayike

Munthu wa ku Chifunde akafika mumzinda wa Tete n'kumafunsa njira, amamva mayina awa kawirikawiri: Josina Machel, Francisco Manyanga, Filipe Samuel Magaia ndi Mateus Sansão Muthemba. Lero ndi mayina a mabairro a mumzindawu. Eni mayinawa anali anthu a nkhondo yomenyera ufulu, ndipo onse anayi anamwalira ufuluwo usanabwere. Mafupa awo ali pa Praça dos Heróis ku Maputo, pomwe aliyense ali ndi malo ake ndi dzina lake. Lero tikukupatsirani mbiri ya mmodzi mwa iwo, malemu Mayi Josina Machel, amene anamwalira ali ndi zaka 25 zokha, naikidwa kudziko la eni, koma patapita zaka mafupa awo anabwerera kwawo.

Mayi Josina anabadwa pa 10 Ogasiti 1945 ku Vilanculos, m'chigawo cha Inhambane. Dzina lawo lobadwa nalo linali Josina Abiathar Muthemba. Bambo awo anali namwino m'zipatala za boma, ndipo ntchitoyi inkachititsa kuti banjali lizisamukasamuka. N'chifukwa chake mwana wobadwira kummwera anakayambira sukulu kumpoto kwenikweni, ku Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado. Pambuyo pake anapitiriza maphunziro ku João Belo, komwe lero ndi Xai-Xai, kenako anapita ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, kukalowa sukulu ya zamalonda. Masiku amenewo ana akuda ofika sukulu ngati imeneyi anali ochepa kwambiri, makamaka atsikana.

Banja la a Muthemba linkadziwika kuti silinkagwirizana ndi ulamuliro wa atsamunda a Chipwitikizi. Ena a m'banjali, kuphatikizapo bambo awo a Mayi Josina, analawa ndende chifukwa cha zandale. A Mateus Sansão Muthemba, amene dzina lawo lili pa bairro ina ya ku Tete ija, anali a m'banja lomweli, ndipo anamwalira ku Dar es Salaam mu 1968 atavulazidwa pa chiwembu chimene chinachitika pa ofesi ya FRELIMO. Ku Lourenço Marques, Mayi Josina analowa gulu la ana asukulu lotchedwa NESAM, limene a Eduardo Mondlane analiyambitsa mu 1949. M'gululi achinyamata ankakambirana za dziko lawo mosamala, popeza apolisi achinsinsi a PIDE ankatchera khutu paliponse.

M'mwezi wa Malichi 1964, ali ndi zaka 18, anathawa pamodzi ndi anzawo a sukulu n'cholinga chokalowa FRELIMO ku Tanganyika. Anadutsa dziko la Rhodesia mpaka kufika pa Victoria Falls, mtsinje wa Zambezi uli pafupi kuti awoloke. Pomwepo apolisi anawagwira, kuwabweza ku Lourenço Marques ndi kuwatsekera m'ndende kwa miyezi ingapo. Atatulutsidwa, apolisi ankawalondalonda, koma iwo sanasinthe maganizo. Anathawanso kachiwiri, ulendo uno kudzera ku Swaziland, South Africa ndi Bechuanaland, komwe lero ndi Botswana. Kumeneko akuluakulu a boma la Britain anawasunga, ndipo panali mantha oti aperekedwa m'manja mwa Apwitikizi. A Mondlane anadandaula kumayiko akunja mpaka gululo linaloledwa kupitiriza ulendo. Anadzera ku Zambia, amene anali atangolandira kumene ufulu mu 1964, ndipo anafika ku Dar es Salaam mu 1965.

Ku Dar es Salaam anagwira ntchito pa Instituto Moçambicano, sukulu ya ana othawa kwawo imene inkayendetsedwa ndi Mayi Janet Mondlane. Mwayi unapezeka woti akapitirize maphunziro ku Switzerland, koma anaukana, nasankha kukalowa usilikali. Mu 1967 FRELIMO inakhazikitsa gulu la asilikali achizimayi lotchedwa Destacamento Feminino. Mayi Josina analowa gululi ndipo anaphunzira za nkhondo ku Nachingwea, kummwera kwa Tanzania, komwe mkulu wa asilikali anali a Samora Machel. Amayi a m'gululi ankagwira mfuti, kusenza zida ndi chakudya, kulondera midzi ndiponso kufotokozera anthu cholinga cha nkhondoyo. Amuna ena, ngakhale a m'chipani momwemo, sankafuna kuona mkazi atanyamula mfuti. Nkhaniyi inakambidwa pa msonkhano waukulu wachiwiri wa FRELIMO, umene unachitikira ku Matchedje, m'chigawo cha Niassa, mu Julayi 1968. Mayi Josina anali mmodzi mwa nthumwi, ndipo msonkhanowo unavomereza kuti amayi ali ndi malo awo pankhondoyo.

Chaka chomwecho cha 1968, m'mwezi wa Malichi, nkhondo inayambiranso kuno ku Tete, asilikali a FRELIMO akulowera ku Zambia. Madera a m'malire monga Chifunde, Marávia ndi Macanga anasanduka njira ya nkhondo. Agogo athu ambiri amakumbukira kusenza katundu usiku, kuphikira asilikali m'tchire, kuthawira ku Katete ndi ku Chadiza, kapena kusonkhanitsidwa m'midzi ya mpanda imene Apwitikizi ankaitcha aldeamento. Mavuto amene Mayi Josina ankalimbana nawo ku Niassa ndi ku Cabo Delgado ndi omwewo amene anagwera mabanja a kuno: ana otsala okha makolo atafa, odwala opanda mankhwala, ndi minda yosiyidwa chimanga chili m'munda.

Pa 3 Febuluwale 1969 a Eduardo Mondlane anaphedwa ku Dar es Salaam ndi bomba limene linabisidwa m'phukusi. Mayi Josina anakakhala ndi Mayi Janet Mondlane pa nthawi ya malirowo kuti awatonthoze. Chaka chomwecho anapatsidwa udindo woyang'anira za chisamaliro cha anthu m'chipanicho. Ntchito yawo yaikulu inali ya ana amasiye. Ankakhazikitsa malo olerera ana m'madera omasulidwa ndiponso ku Tunduru, m'dziko la Tanzania, kuti ana amene makolo awo anafa kapena anali kunkhondo apeze chakudya, pogona ndi sukulu. Mu Meyi 1969 anakwatiwa ndi a Samora Machel ku Tunduru komweko, ndipo mu Novembala anabereka mwana wamwamuna, amene anthu amamudziwa ndi dzina loti Samito.

Mu 1970 thupi linayamba kuwavuta. Anapita ku Moscow kukaonana ndi madokotala, amene anawalangiza kuti apumule. Iwo atabwerako anabwerera kuntchito. Kumapeto kwa chaka chimenecho analowa m'chigawo cha Niassa, nayenda wapansi pafupifupi miyezi iwiri, nyengo ya mvula, kuyendera malo olerera ana. Mu Malichi 1971 anapitanso ku Cabo Delgado pa ntchito yomweyo. Pobwerera mphamvu zinali zitatha. Anawatengera ku chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam, komwe anamwalira pa 7 Epulo 1971. Mwana wawo anali asanakwanitse chaka ndi theka.

Anaikidwa ku manda a Kinondoni, mumzinda womwewo wa Dar es Salaam, komwe a Mondlane anali ataikidwa zaka ziwiri m'mbuyomo. Awa ndi manda a m'tauni, odziwika, ndipo anzawo ankadziwa pamene anawagoneka. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, boma linamanga Praça dos Heróis pafupi ndi bwalo la ndege ku Maputo. Pakati pake pali nyumba ya miyala yoyera yooneka ngati nyenyezi, ndipo chapafupi pali khoma lalitali lojambulidwa mbiri ya dziko. Pa 3 Febuluwale 1979, patatha zaka 10 a Mondlane ataphedwa, mafupa awo ndi a Mayi Josina pamodzi ndi a ngwazi zina anafika pamalopa. Mu 1986 a Samora Machel, amene anamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala, anagonekedwanso pomwepo. Tsiku limene Mayi Josina anamwalira, 7 Epulo, ndi limene dziko lonse limakumbukira mayi wa ku Mozambique chaka ndi chaka.

Zinatheka kubweretsa mafupa awo patatha zaka pafupifupi 8 chifukwa panali chizindikiro ndiponso anthu odziwa malowo. Asilikali ambiri a nthawi imeneyo sizinawayendere choncho. Wofera m'tchire ankaikidwa mwachangu ndi anzake, pansi pa mtengo kapena m'mbali mwa mtsinje, gulu n'kupitiriza ulendo. Ena ankagwiritsa ntchito mayina a kunkhondo, moti ngakhale amene anawaika sankadziwa dzina la kumudzi. Nkhondo yachiwiri, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inawonjezera manda ena otere. Inabalalitsanso midzi, anthu nathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena mpaka ku msasa wa Ukwimi ku Petauke. Pobwerera anapeza manda a makolo atamera tchire. Palinso asilikali akale amene anapulumuka nkhondo zonse, nabwerera kumudzi kudzalima, namwalira ndi ukalamba. Ambiri mwa iwo agona m'manda a pamudzi, pamwamba pali mulu wa dothi chabe, umene mvula ikuuphwasula chaka ndi chaka.

Boma lili ndi zipilala zake za chikumbutso, ndipo mwambo wa 3 Febuluwale, 7 Epulo ndi 25 Seputembala umachitikira pamalo otero. Chipilala cha boma chimakumbutsa anthu onse pamodzi. Manda a munthu mmodzi m'mudzi amadalira abale ake. Ife Achewa mwambo umenewu tili nawo kale, womanga chiliza. Mbumba imakhala pansi, mwini mbumba n'kukadziwitsa amfumu, chifukwa kumanda salowako popanda chilolezo chawo. Nthawi yake yabwino ndi yachilimwe, anthu atakolola ndi kugulitsa fodya kapena chimanga, dothi litauma. Chiliza sichilira zambiri: njerwa zootcha, mchenga, simenti ndi mmisiri wa pamudzi. Banja limene silingathe zimenezi likhoza kuimika mwala waukulu wosema dzina. Zolemba za penti zimafufutika pakapita zaka zochepa, pomwe zolemba ndi msomali simenti isanaume zimakhalitsa.

Chofunika kwambiri ndi zimene zalembedwapo. Palembedwe dzina lonse, pamodzi ndi la kunkhondo ngati linalipo, mfunda wake, chaka chobadwa ndi chomwalira, ndi mawu ochepa osonyeza kuti anali msilikali. Ngati chaka chobadwa sichidziwika, ndi bwino kusachilemba kusiyana ndi kungopeka. Amayi asaiwalike. Amene anali mu Destacamento Feminino, ndiponso amene ankasenza zida pamutu kuchokera kumalire, anagwira ntchito imodzi ndi Mayi Josina, ndipo chiliza chawo chiyenera kunena zimenezo. Imfa siinasankhe mbali: pali anyamata amene anatengedwa mokakamiza kulowa usilikali wa Apwitikizi, palinso amene anafera mbali iyi kapena inayo pa nkhondo yachiwiri ija. Onsewo anali ana a m'mabanja a kuno, ndipo banja lili ndi ufulu wolemba dzina la mwana wake.

Kwa amene m'bale wawo anagona kutchire, choyamba ndi kufunsa. Asilikali akale amene adakali moyo, ambiri a iwo a m'bungwe la ACLLN, ndiwo akudziwa pamene panali misasa ndi pamene anzawo anaikidwa. Amene anali ndi zaka 18 mu 1968 tsopano apitirira zaka 70, choncho kufunsako sikufunika kuzengereza. Pitani nawo pamalopo, mutenge mwana wodziwa kulemba, alembe m'kope dzina la phiri, la mtsinje ndi la mfumu ya deralo, ndipo ngati pali foni mujambule. Musakumbe nokha. Kufukula mafupa kumafuna chilolezo cha boma ndi cha amfumu, komanso pamalo pamene panali nkhondo pakhoza kutsala zipolopolo ndi mabomba akale. Mukaona chitsulo chachilendo musachikhudze, kadziwitseni apolisi. Ngati manda ali kutsidya kwa malire, njira yake ndi kudzera kwa mafumu a mbali zonse ziwiri ndi kwa akuluakulu a pachipata, monga cha Cassacatiza.

Mayi Josina Machel anakhala ndi moyo zaka 25, ndipo zaka 6 zomaliza anazithera pa ntchito ya ufulu, makamaka posamalira ana a anthu amene anafa pankhondo. Ana amenewo lero ndi agogo. Dzina la Mayi Josina lili pa masukulu, pa misewu ndi pa bairro ya ku Tete, ndipo amene akufuna kuona pamene anagona akhoza kupita ku Maputo. Pa 7 Epulo, pamene amayi adzavale nsalu zawo kupita ku mwambo wa kuboma, mabanja a ku Mualadzi, ku N'sadzu ndi ku Chifunde komwe akhoza kufunsana madzulo ake kuti msilikali wa m'banja mwawo anagona pati, ndipo ndani mwa achinyamata amene angaloze malowo akuluakulu atapita.