Louis Pasteur, mnyamata amene anasankha mchere ndi kachopanira

Mwezi uno ndi nthawi yanga yolemba za munthu wakale, ndipo ndasankha bambo wina wa ku France dzina lake Louis Pasteur. Ena munamumvapo kusukulu kuti ndiye anapeza katemera wa chiwewe, komanso mawu aja akuti pasteurizado pa paketi ya mkaka anachokera ku dzina lake. Zoona zimenezo. Koma ine chandikoka ndi china. Chaka china ndinadwala TB, ndinamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pambuyo pake ndinadzazindikira kuti amodzi mwa mankhwala amene ndinkamezawo amapangidwa potsata nzeru imene bamboyu anaitulukira ali ndi zaka 25 zokha.

Anabadwa pa 27 Disembala 1822 m'tauni ya Dole, koma anakulira ku Arbois, dera lolima mphesa. Bambo ake ankafufuta zikopa, atabwerako ku usilikali wa Napoleon. Ali mwana sanali wotchuka m'kalasi ayi, chimene ankachidziwa bwino chinali kujambula nkhope za anthu. Mu 1843 analowa sukulu yaikulu ya École Normale ku Paris, ndipo kumeneko ndiye anagwa m'chikondi ndi ntchito yofufuza za mankhwala.

Nthawi imeneyo panali chinthu chimene chinkazunguza akatswiri. M'migolo ya vinyo mumatsalira zokakamira m'mbali, ndipo kuchokera mmenemo amapeza asidi wotchedwa tartaric. Si wachilendo kwa ife, ndi yemwe uja amawawasitsa bwemba. Asidi ameneyu akamusungunula m'madzi n'kuwalitsa kuwala kokonzedwa mwapadera, kuwalako kumapotokera kumanja. Tsono kufakitale ina ku Thann anapeza asidi wina wofanana naye pa chilichonse, kulemera kwake, zomwe zili m'kati mwake, zonse, koma ameneyu sankapotoza kuwala n'komwe. Zinthu ziwiri zofanana ndendende zingasiyane bwanji khalidwe?

Mu 1848 Pasteur anapanga mchere kuchokera ku asidi wachiwiriyu, nauyanika mpaka unagwira timibulu. Kenaka anachita chimene akuluakulu sanachite mokwanira: anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa kambulu kamodzikamodzi pa galasi lokulitsa zinthu. Anaona kuti timibulu tina tili ndi kangodya kosemeka chakumanja, tina chakumanzere. Anatenga kachopanira, konga kaja timachotsera minga, nayamba kusankha monga mayi asankhira mpunga pa lichero, timanja uku, timanzere uku. Atasungunula mulu uliwonse paokha, wina unapotoza kuwala kumanja, winawo kumanzere, mofanana ndendende. Ndiye kuti asidi wosapotoza uja anali chisakanizo, theka ndi theka, ndipo mbali ziwirizo zinkafafanizana.

Katswiri wina wachikulire, Jean-Baptiste Biot, sanakhulupirire msanga. Anamuitana mnyamatayo kuti abwereze zonse iye akuona, ndi mankhwala amene iye mwini anakonza. Zinatuluka chimodzimodzi, ndipo kuyambira pamenepo nkhalambayo inakhala mkhalapakati wake. Apa ndinene kuti panalinso mwayi. Mchere umenewu umagawikana chonchi pokhapokha ngati kukuzizirira, kutentha kosapitirira madigiri 27 kapena chapompo. Akanakhala kuno ku Mecanhelas mu Okutobala, bwenzi atangoona timibulu ta mtundu umodzi basi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tanthauzo lake ndi ili. Yang'anani manja anu. Onse ali ndi zala zisanu, zolumikizana mofanana, koma lamanja si lamanzere, ndipo patapata wa kumanzere sakhala bwino kuphazi lamanja. Tizidutswa tating'onoting'ono timene timapanga zinthu, tija amati mamolekyu, tambiri tilinso choncho, kena ndi chithunzi cha kanzake pa kalilole. Chifukwa chake chenicheni anadzachifotokoza ena mu 1874, van 't Hoff ndi Le Bel, koma woyamba kugwira zinthuzo n'kuzilekanitsa anali Pasteur.

Kusankha ndi kachopanira kumatheka pa zinthu zowerengeka chabe, choncho anafunafuna njira zina. Mu 1853 anaona kuti akasakaniza asidi uja ndi mankhwala ochokera ku khungwa la mtengo wa kwinini, amene mwachilengedwe ndi a dzanja limodzi, mbali ina imagwira mibulu msanga pamene inzake ikadali m'madzi. Zili ngati kupatsana moni: dzanja lamanja limagwirana bwino ndi lamanja linzake, lamanzere limachita kukakamiza. Ndiyeno cha m'ma 1857 ndi 1858 anapeza chodabwitsa koposa. Tizilombo titalowa m'chisakanizo chija, tinadya asidi wa kumanja yekha n'kusiya wa kumanzere. Mu 1860 anaonetsa zomwezo ndi chuku chotchedwa Penicillium glaucum, chuku chobiriwira chonga chimene chimamera pa buledi wokhalitsa. Chamoyo chimasankha dzanja.

Tsopano ndifike pa mowa, pakuti ndikudziwa ena mwayamba kuwodzera. Akatswiri akamati alikoholo amatanthauza banja lalikulu, ndipo amene amaledzeretsa uja ndi mwana mmodzi chabe m'banjamo, iyeyo alibe za kumanja kapena kumanzere. Koma amene munakhalapo pafupi ndi otcheza kachasu mukudziwa kuti mowa sutuluka wokha, umatsagana ndi timafuta tonunkha mwamphamvu. M'timafuta timeneto muli alikoholo wina wotchedwa amyl. Mu 1855 Pasteur, ali mphunzitsi ku Lille, anaonetsa kuti amyl wochokera m'mafakitale otcheza mowa ndi wa mitundu iwiri, wina wopotoza kuwala kumanzere, wina wosapotoza. Iye anaganiza motere: chinthu cha dzanja limodzi chimachokera kwa chamoyo, ndiye kuti chofufumitsa mowa ndi chamoyo. Masiku amenewo akatswiri otchuka ankati kuwira kwa mowa ndi kuwola chabe kwa zinthu zakufa. Mu 1856 bambo wina wa ku Lille komweko, dzina lake Bigo, amene ankatcheza mowa kuchokera ku mizu ya shuga yotchedwa beet, anamudandaulira kuti mowa wake ukusasa. Pasteur anapeza yisiti m'migolo yabwino, ndi tizilombo tina tating'ono kwambiri m'migolo yosasa. Njira yonse yopita ku tizilombo toyambitsa matenda inayambira pamenepo. Ndikaona mgolo wa madeya ndi shuga ukuwira kuseri kwa nyumba, ndimakumbuka kuti yisiti wa mmenemo akuchita ntchito yomwe ija imene bamboyu anaiona, ngakhale sindikuuza munthu kuti akamwe.

Moyo wake wapakhomo unali ndi misozi. Anakwatira Marie Laurent mu 1849 ku Strasbourg, anabereka ana asanu, koma atatu anamwalira ali aang'ono, awiri mwa iwo ndi taifodi. Mu 1868 anachita sitiroko, mbali ya kumanzere inafooka, koma anagwirabe ntchito zaka zina zoposa 20. Pa 6 Julaye 1885 anayamba kupereka katemera wa chiwewe kwa Joseph Meister, mwana wa zaka 9 wolumidwa ndi galu, ndipo mwanayo anakhala moyo. Mu 1888 anatsegula Institut Pasteur ku Paris. Anamwalira pa 28 Seputembala 1895.

Sikuti analondola zonse ayi, ndipo anali munthu wosakonda kugonja pa mtsutso. Iye ankaumirira kuti popanda yisiti wamoyo mowa sungawire. Patangopita zaka ziwiri atamwalira, mu 1897, Eduard Buchner anasinja yisiti, nafinya madzi ake opanda chamoyo chilichonse, ndipo madziwo anawiritsabe shuga. Zogwira ntchitoyo ndi timapuloteni totchedwa maenzaimu, ndipo ndi timeneti timene timasankha dzanja, kaya tili m'kati mwa chamoyo kaya tatulutsidwa.

Nanga zikutikhudza bwanji ife? Thupi lathu, ndi tizilombo totidwalitsa, zonse ndi zodzaza ndi maenzaimu. Mankhwala akalowa, amayenera kugwirana chanza ndi malo ake. Mu piritsi la TB la miyezi iwiri yoyambirira muli mankhwala anayi, ndipo amodzi ndi ethambutol. Ameneyu ndi wa banja la alikoholo, ndipo dzanja lake limodzi limalimbana ndi kachilombo ka TB mwamphamvu kuposa linzake maulendo mazanamazana. Kuti apange dzanja loyeneralo, amayamba ndi chinthu chotchedwa 2-amino-1-butanol, ndipo njira yodziwika yochilekanitsira ndi kuchigwiranitsa ndi asidi wa tartaric. Eya, yemwe uja wa mu bwemba ndi m'migolo ya vinyo. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha. Ma ARV nawonso ndi chimodzimodzi: dolutegravir, amene ambiri m'dziko muno anayamba kulandira cha m'ma 2019, amamangidwa pa kachidutswa ka dzanja limodzi kotchedwa 3-amino-1-butanol. Koma si mankhwala onse ofuna kusankha. Lumefantrine wa mu Coartem wa malungo amaperekedwa manja onse awiri pamodzi, chifukwa onse amapha kachilombo ka malungo.

Vuto la kulekanitsa ndi lakuti theka la zomwe wapanga limatsala, ngati kulima munda wonse n'kukolola mbali imodzi. Choncho amene anabwera pambuyo anafuna kupanga dzanja limodzi kuyambira pachiyambi. Alikoholo wambiri wotere amapangidwa powonjezera hydrogen pa chinthu chotchedwa ketone, chimene pamalo pogwirapo ndi chaphwatalala ngati ndalama yachitsulo. Hydrogen akabwerera kumutu pamatuluka dzanja lina, akabwerera kumchira pamatuluka linzake. Ryoji Noyori wa ku Japan anakonza chothandizira cha chitsulo chotchedwa ruthenium chimene chimatseka mbali imodzi, ndipo mu 2001 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi William Knowles ndi Barry Sharpless. Ena amagwiritsa ntchito yisiti wophikira buledi, kapena maenzaimu otengedwa mu yisiti ndi mabakiteriya, amene amagwira ntchitoyo m'madzi ofunda chabe, popanda moto waukulu.

Kwa inu amene mukumwa mankhwala a TB panopa, mawu awiri ochokera kwa mnzanu amene anadutsamo. Ethambutol nthawi zina amavutitsa maso, choncho mukayamba kuona mwachimbuuzi kapena kusokoneza mitundu, makamaka yofiira ndi yobiriwira, pitani msanga mukawauze a enfermeiro, musadikire tsiku lokatenga ena. Ndipo kachasu uja muyambe mwamusiya, pakuti anzake atatu a mu piritsi lomwelo amalemetsa kale chiwindi.